Mwera suima pamzere wa petulo

Abale anzanga a m'tauni, mafuta a galimoto akasowa m'dziko muno, monga zinachitikira mu 2011, mu 2022 ndiponso kumapeto kwa 2024, ife timaganiza kuti mavuto athera pamzere wa magalimoto ku Ginnery Corner kapena ku Area 18. Tikamadandaula, timadandaula za minibasi imene yakwera mtengo ndi za bwana amene watikalipira chifukwa chochedwa kuntchito. Koma mzere umenewo suthera pamsewu wa tala ayi. Umatsika mapiri mpaka kukafika pamchenga wa kunyanja.

Ine ndinauona ndi maso angawa padoko lina m'boma la Salima. Maboti anali atawakokera kumtunda, mainjini atawafunditsa masaka, alovi akusewera bawo pansi pa mtengo, ndipo amayi amene anabwera kudzapikula usipa anali atakhalira mabeseni awo opanda kanthu. Chimene chinandiwawa mtima n'chakuti tsiku limenelo kamphepo kanali kuomba bwinobwino, kosakalipa, kokwanira kukankha boti lina lililonse limene linali pamenepo. Koma pa maboti onsewo panalibe ngakhale limodzi lokhala ndi mlongoti.

Ndinapita kwa mkulu wina amene anali kusoka ukonde chapatali. Titapatsana moni ndinati, "Bambo, kodi kale zinthu zikatere munkatani?" Iwo anandiyang'ana n'kuseka. "Kale zinthu sizinkatere, achimwene. Tinkakweza thanga n'kumapita. Anyamata awa mutawapatsa thanga lero, angafunditsire nsomba mvula ikamabwera."

Mawu amenewo ndi amene andichititsa kulemba nkhani ino. Maganizo anga ndi akuti dziko losakumba mafuta, lopanda gombe la nyanja yamchere, koma lokhala ndi nyanja yotalika makilomita oposa 550, lachita zopusa kulekerera luso loyendetsa ngalawa ndi matanga kuti life. Luso limeneli tiyenera kulibwezeretsa, kuliphunzitsa m'sukulu za ntchito zamanja monga timaphunzitsira ukalipentala, ndi kuliikira malamulo oteteza miyoyo. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kugwedeza mutu. Dekhani, mumve kaye.

Tiyambe ndi nkhani ya ndalama. Dontho lililonse la petulo limene limalowa mu injini ya msodzi wa ku Senga Bay kapena ku Msaka limachokera kutali, kudzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo limalipiridwa ndi ndalama zakunja. Injiniyo ndi yakunja, oilo wake ndi wakunja, kapulagi kake kakafa nakonso n'kakunja. Pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi K25 pa K100 iliyonse mu May 2022, kenaka ndi K44 pa K100 iliyonse mu November 2023, msodzi sanafunsidwe maganizo, koma ndiye anali woyamba kumva kuwawa kwake. Zimene iye walipira papampu amaziika pa mtengo wa nsomba, ndipo amene amamaliza kulipira ndi mayi wa ku Ndirande kapena ku Kawale amene akuwerenga usipa pamulu ngati akuwerenga mapilisi a kuchipatala. Choncho nkhani ya matanga ndi yanu inu a m'tauni, ngakhale musanakwerepo bwato chibadwire.

Tsono taonani chimene Chauta anatipatsa ulere. Nyanja yathu inagona chotalika kuchokera kumwera kupita kumpoto, ndipo mphepo zake zikuluzikulu zimatsata njira yomweyo. M'nyengo yozizira, kuyambira cha mu May mpaka cha mu September, kumaomba mwera wochokera kumwera chakum'mawa. Nyengo ya mvula ikamayandikira, mpoto umatenga malo. Kuonjezera apo, tsiku ndi tsiku pamakhala timphepo ta m'mbali mwa nyanja. Masana mtunda umatentha msanga kuposa madzi, mpweya wotentha n'kukwera, ndipo wozizira wa panyanja umathamangira kumtunda. Usiku mtunda umazizira msanga, mphepo n'kutembenuka kumalowera kunyanja. Makolo athu ankazidziwa bwino zimenezi. Kodi munayamba mwaganizapo kuti mawu amene timatchulira mbali za dziko, kumwera, kumpoto ndi kuvuma, ndi omwewo amene timatchulira mphepo? Anthu amene chilankhulo chawo chimaloza njira ndi maina a mphepo sangakhale alendo pa nkhani ya matanga.

Ambiri amaganiza kuti thanga limagwira ntchito pokhapokha mphepo ikamachokera kumbuyo, monga mmene chitenje chimafufumira pachingwe choyanikira. Si choncho. Thanga likakokedwa bwino limapindika ngati phiko la mbalame, ndipo mphepo yodutsa mbali zake ziwiri imalikokera chakutsogolo komanso cham'mbali. Mphamvu ya cham'mbaliyo imatsekerezedwa ndi msana wa boti kapena thabwa limene amalimiza pansi pamadzi, ndipo yotsalayo ndiyo imayendetsa boti kutsogolo. N'chifukwa chake boti lopangidwa bwino limatha kupita kumene mphepo ikuchokera, ngakhale sililunjika. Limapita mokhotakhota, uku ndi uku, monga mmene msewu wa Khwekhwerere umakwerera phiri kuchokera ku Golomoti. Limachedwa, inde, koma limafika, ndipo silifunsa ngati thanki ya mafuta yadutsa ku Mwanza.

Tsopano ndimve zonena zanu. Choyamba, alipo amene akamva za ngalawa za matanga panyanja yathu amakumbukira ukapolo. Sakulakwa. Jumbe Salim bin Abdallah atakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, zombo za matanga ndizo zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi abale athu omangidwa magoli kupita kutsidya lakum'mawa, kumene ankayamba ulendo wapansi wopita ku Kilwa. Imeneyi ndi mbiri yowawa ndipo tisaiiwale. Koma choipa chinali katundu amene anali m'chombomo ndi mtima wa mwini chombo. Nsaluyo inalibe mlandu. Amene ankasema matabwa, kupota zingwe ndi kugwira tsigiro ambiri anali anthu a m'mbali mwa nyanja momwemu, ndipo luso linatsalira kwa iwo ukapolo utatha. Zidzukulu zawo ku Likoma ndi ku Chizumulu zinapitiriza kuolotsa chimanga, nkhuni ndi anthu pakati pa zilumbazo ndi ku Cobué m'dziko la Mozambique, pa matanga a zigamba zokhazokha. Ndiponso sitima za moto nazo zili ndi mbiri yake. Mu August 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann panyanja yomweyi, pa nkhondo imene sinali yathu. Kodi pali amene ananena kuti tileke kukwera sitima chifukwa cha zimenezo?

Chachiwiri, ena mukuti matanga ndi masewera a azungu ndi amwenye olemera. Ndikumvetsa kumene maganizo amenewa akuchokera. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, mwezi wa July unkabweretsa mpikisano wa maboti a matanga woyambira cha ku Mangochi kukathera kumpoto cha ku Nkhata Bay, ulendo wa masiku angapo, ndipo anthu ankachokera m'maiko akutali kudzapikisana. Ankasankha July chifukwa cha mwera, mphepo yomwe ija imene ife timangoiona ngati chotilepheretsa kupha nsomba. Ana a asodzi ankaima pamchenga n'kumaonerera matanga amitundumitundu akudutsa ngati agulugufe. Alendo ankaoloka nyanja zamchere kudzasangalala ndi mphepo yathu pamene ife eni ake tinali kukopa petulo pangongole. Apa wolakwa si mlendo. Tinalakwa ndife, polola kuti chinthu chimene agogo athu ankadyera chisanduke choonerera.

Inu amene munakhalako kunja zaka zija mukudziwa kuti matanga alibe khungu. Amene munali ku Dar es Salaam munkaona zombo za matanga zikulowa padoko m'mawa uliwonse zitasenza nsomba, makala ndi mitengo. Ku Zanzibar, ku Lamu, ku Pemba ndi ku Ilha de Moçambique ndi chimodzimodzi. Ku Kisumu, pa nyanja ya Victoria imene ndi ya madzi opanda mchere ngati yathuyi, asodzi achiluo amayendera matanga osongoka ngati khasu. Ku Lamu amachita kupikisana ndi zombo zawozo pa chikondwerero cha chikhalidwe chawo, ndipo woyendetsa chombo chopambana amapatsidwa ulemu ngati wosewera mpira wotchuka. Ngakhale mawu athu amafanana ndi awo. Ife timati thanga, iwo amati tanga. Ife timati nangula, iwo amati nanga. Ndipo ngalawa kwa iwo ndi bwato losema ngati lathu lomweli, koma lomangirira mitengo iwiri m'mbali kuti lisagubuduzike likakwezedwa thanga.

Ngakhale pa mipikisano ya panyanja zikuluzikulu, anthu a ku Africa kuno aonetsa kale mbiri. Neal Petersen wa ku Cape Town, amene anakula m'nthawi ya tsankho pamene makalabu a maboti sanali kulandira anthu a khungu lake, anadzipangira yekha boti, ndipo mu 1998 mpaka 1999 anazungulira dziko lonse lapansi ali yekhayekha pa mpikisano wa Around Alone. Mu April 2023 mayi wa ku South Africa, Kirsten Neuschäfer, anapambana mpikisano wa Golden Globe, wozungulira dziko osaima paliponse ndiponso osagwiritsa ntchito makina amakono olozera njira, atakhala panyanja miyezi pafupifupi 8. Ali m'njira, mu November 2022, anapatuka kukapulumutsa mnzake wa ku Finland, Tapio Lehtinen, amene boti lake linamira m'nyanja ya Indian. Ndipo amene mukuti matanga ndi zachikale, mvetserani izi: mu August 2023 sitima yaikulu yonyamula katundu ya Pyxis Ocean inanyamuka itaikidwa matanga awiri olimba ngati mapiko a ndege, otalika mamita 37.5, n'cholinga chochepetsa mafuta. Eni mafuta akubwerera ku mphepo, ife osauka ndiye tikuchita nayo manyazi. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Chachitatu ndicho cholemera kuposa zonse, ndipo sindichipeputsa. Nyanja yathu imapha. David Livingstone atabwera ndi kaboti ka thanga mu 1861, atakanyamula pamapewa a anthu kudutsa mathithi a Shire, anakumana ndi mafunde amene anamuchititsa kuitcha nyanja ya anamondwe. Mu September 1895 Bishopu Chauncy Maples, atangodzozedwa kumene ku London, anamira pamene boti la matanga limene anakwera popita ku Likoma linagubuduzika ndi mphepo, ndipo manda ake ali ku Nkhotakota. Mwera ukakalipa, mafunde amakula chifukwa mphepoyo imakhala yayenda pamadzi mtunda wautali popanda chotchinga. Munthu amene angakuuzeni kuti thanga n'lopanda ngozi akukunamizani.

Koma tifunsane, kodi injini inathetsa ngozi? Sitima ya Vipya inali ya injini, yatsopano, yoyendetsedwa ndi anthu ophunzira. Pa 30 July 1946 inagubuduzika ndi mwera cha ku Chitimba ndipo anthu 145 anafa. Mu April 2017 ku Mlowe m'boma la Rumphi, boti lodzaza anthu ochokera ku mapemphero a Pasaka linagubuduzika, mabanja n'kulira maliro. Chimene chimapha anthu panyanja kawirikawiri ndi kudzaza katundu mopyola muyeso, kunyozera nyengo, kusowa majekete oyandamitsa munthu, ndi boti losasamalidwa. Ndiponso injini ili ndi msampha wakewake. Imamunamiza munthu kuti angathe kupita kutali, kenaka imazima pakati pa nyanja, kaya chifukwa petulo anali wosakaniza ndi palafini, kaya chifukwa chingwe cholizira chaduka. Boti lopanda thanga injini ikazima limasanduka chikuni, limangopita kumene mafunde afuna. Lokhala ndi thanga, ngakhale laling'ono, limatha kubwerera kumtunda. Choncho ine ndikuti thanga ndi chida chopulumutsira moyo, likakhala m'manja mwa munthu wophunzitsidwa.

Maphunzirowo si ovuta, koma ndi ofunika kuwagwira bwino. Lamulo loyamba ndi lakuti mphamvu ya mphepo pa thanga siikula mofanana ndi liwiro lake. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake pa nsalu imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake mmalinyero wanzeru amachepetsa thanga, kulipinda ndi kumanga mbali ina, pamene wangoyamba kuganiza kuti mwina mphepo ikula, osadikira kuti ione kukula. Lamulo lachiwiri ndi lakuti pa boti laling'ono, chingwe chimene chimakoka thanga sachimanga mfundo yakufa. Amachigwira m'manja kapena kuchikulunga moti mphepo ikabwera mwadzidzidzi angochitaya, thanga n'kukhuthula mphepo, boti n'kuimirira. Anthu ambiri amira chifukwa cha mfundo imodzi yomangidwa pamalo olakwika.

Nazonso mfundo zili ndi ntchito zosiyanasiyana, ndipo si zonse zimene zili ngati yomangira mbuzi. Pali ina imene Angerezi amati bowline, imene imapanga khwekhwe losatsetsereka ndi losathina. Imeneyi ungamuponyere munthu amene wagwera m'madzi kuti adzikoleke m'khwapa popanda kumufinya, ndipo ngakhale itakokedwa mwamphamvu imamasuka mosavuta ntchito ikatha. Pali ina yotchedwa reef knot, yomangira mbali ya thanga imene wapinda, koma amalinyero onse amachenjezana kuti usalumikizire zingwe ziwiri zonyamula katundu wolemera chifukwa imatha kuvuuka. Ndiponso mfundo iliyonse imafooketsa chingwe pamalo pamene yamangidwapo, kotero kuti chingwe chakale chimadukira pamfundo. Zinthu zoterezi mwana wa Sitandade 6 angaziphunzire masana amodzi. Ana a m'magulu a Scout amaphunzira mfundo zomwezi ku Blantyre ndi ku Lilongwe kumene kulibe nyanja, pamene mwana wa ku Makanjira, amene moyo wake udzadalira chingwe, palibe amene amamuphunzitsa.

Pa nkhani ya ngozi, pali phunziro lina limene ndikufuna titenge kwa Angerezi, ndipo amene munali ku Britain mu 1979 mukulikumbukira. Mu August chaka chimenecho maboti 303 ananyamuka ku Cowes pa mpikisano wa Fastnet, ulendo wa makilomita oposa 1,100 wokazungulira thanthwe la kumwera kwa Ireland ndi kukathera ku Plymouth. Mmodzi wa opikisanawo anali Edward Heath, amene kale anali nduna yaikulu ya dzikolo. Usiku wa pa 13 kuchezera pa 14 August kunabuka namondwe woposa mmene a zanyengo anayembekezera. Opikisana 15 anafa, maboti osakwana 90 ndiwo anamaliza ulendo, ndipo 24 anasiyidwa ndi eni ake pakati pa nyanja.

Chimene chinatsatira ndicho ndikufuna muchimve. Mabungwe oyendetsa masewerawo sanati chinali chifuniro cha Mulungu n'kukhala pansi. Anatumiza mafunso kwa amalinyero a maboti onse, anasonkhanitsa mayankho, ndipo chaka chomwecho chisanathe anatulutsa lipoti loti aliyense awerenge. Zina mwa zimene anapeza zinali zowawa. Pa maboti 24 amene anasiyidwa aja, 5 okha ndiwo anamiradi, otsalawo anapezeka akuyandama, pamene ena mwa anthu amene anathawira m'timaboti ta mphira topulumukira anafera momwemo. Kuchokera pamenepo amalinyero amaphunzitsidwa kuti usasiye boti lako lisanakusiye. Malamulo anasinthidwa: boti lililonse likhale ndi wailesi yolankhulirana, likhale ndi matanga ang'onoang'ono olimba a nthawi ya namondwe, ndipo munthu asalowe mpikisano waukulu asanaonetse kuti anayendapo panyanja mokwanira. Ku Australia nakonso, anthu 6 atafa pa mpikisano wa Sydney kupita ku Hobart mu 1998, pamene maboti 44 okha pa 115 anafika, kunachitika kafukufuku wa poyera ndipo malamulo anakhwimitsidwa.

Nanga kwathu kuno? Boti likamira timamva pawailesi, akuluakulu amapita kukapepesa ndi matumba a ufa, apolisi amalangiza anthu kuti asamadzaze maboti, nkhani n'kuthera pomwepo mpaka tsiku la maliro ena. Mkazi wamasiye wa msodzi ali ndi ufulu wodziwa chimene chinapha mwamuna wake, ndipo asodzi anzake ali ndi ufulu wophunzirapo kanthu. Moyo wa mlovi wa ku Chia sutsika mtengo poyerekeza ndi wa munthu wopikisana ku Cowes. Ngati tikufuna kubwezeretsa matanga, tiyambe ndi chizolowezi chofufuza ngozi iliyonse ya panyanja ndi kulengeza zopezekazo m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitonga ndi m'Chitumbuka.

Chachinayi chimachokera kwa asodzi eni ake, ndipo apa ndiyenera kuvomereza kuti ali ndi mfundo. Amati usodzi wa chilimira umafuna changu: siginala akaona kuti usipa wasonkhana pa nyali, ukonde uyenera kuzungulira nthawi yomweyo, ndipo thanga silingachite zimenezo. Amatinso nsomba siidikira, ukachedwa kufika padoko dzuwa likakwera imayamba kuonongeka ndipo ogula amakhala atapita. Palinso masiku ena, makamaka m'nyengo yotentha, pamene nyanja imangoti zii ngati galasi, popanda ndi kamphepo komwe. Zonsezi n'zoona. Ine sindikunena kuti titaye mainjini m'madzi. Ndikunena kuti boti likhale ndi zonse ziwiri. Madzulo, mphepo ya kumtunda ikayamba, pitani ndi thanga kumalo ophera nsomba. Pozinga ukonde ndi pobwerera m'mamawa ndi nsomba, lizani injini. Ulendo umodzi pa iwiri mwayenda ulere. Ndipo katundu wosaola, monga simenti, njerwa, malata, chimanga chouma, mchere ndi usipa wouma, alibe chifukwa chothamangira. Midzi ya m'mphepete mwa mapiri pakati pa Nkhata Bay ndi Chiweta, monga Usisya ndi Ruarwe, kumene msewu ndi wovuta kapena kulibiretu, ingapindule ndi ngalawa zonyamula katundu zosadalira papampu.

Vuto lina ndi la maboti enieniwo. Bwato losema ndi lopapatiza, ukaliika thanga lalikulu limagubuduzika msanga. Maboti ambiri a matabwa amene akupangidwa m'madoko mwathu anapangidwira injini, pansi pake n'posalala, choncho mphepo ikawaomba cham'mbali amangotsetsereka ngati nkhanu. Apa ndi pamene pakufunika nzeru za amisiri. Thabwa lomiza m'mbali mwa boti, malo olimba oimikapo mlongoti, tsigiro yokwanira, ndi zigubu zopanda kanthu zomangirira pansi pa mipando kuti boti likadzaza madzi lisamire, zonsezi ndi ntchito imene kalipentala wa padoko angaigwire atauzidwa miyeso yake. Mlongoti ungachokere ku bulugama, mtanda wa thanga ku nsungwi, ndipo telala wa pamsika angasoke nsalu. Ndalama imene ikanapita kwa ogulitsa mafuta kunja ingatsalire m'thumba la mmisiri wa ku Chipoka.

Tsono tichite chiyani? Tili ndi sukulu ya zausodzi ku Mpwepwe m'boma la Mangochi, ndipo tili ndi sukulu ya amalinyero ku Monkey Bay. Sukulu zimenezi ziphunzitse kuyendetsa boti ndi thanga monga phunziro lokakamiza kwa aliyense wofuna satifiketi, ndipo zipange maboti angapo achitsanzo oti asodzi awayese okha, chifukwa msodzi sakhulupirira za papepala. Aphunzitsi ake tisawafune kutali. Akadalipo akuluakulu ku Likoma, ku Chizumulu ndi ku Nkhotakota amene anakulira pa tsigiro. Aitanidwe, alipidwe ngati aphunzitsi enieni, ndipo zimene akudziwa za mphepo ya malo ndi malo zilembedwe iwo akadali moyo. Bungwe la TEVETA livomereze kupanga matanga ndi maboti a matanga ngati ntchito yamanja yokhala ndi mayeso ake. Aphungu a m'maboma a m'mbali mwa nyanja apemphe ku Nyumba ya Malamulo kuti nsalu ya matanga, zingwe ndi majekete oyandamitsa zichotsedwe msonkho. A zanyengo, amene amachenjeza kale za mwera, uthenga wawo uzifika padoko lililonse madzulo asodzi asananyamuke, kudzera pa mawailesi a m'madera ndi pa mafoni a m'manja, m'mawu amene msodzi amamva.

Ndipo tisaiwale chisangalalo. Ngati alendo anatha kuchita mpikisano panyanja yathu zaka zonsezo, chingatilepheretse n'chiyani kukhala ndi mpikisano wa maboti a asodzi, doko ndi doko, boma ndi boma, mphoto yake ukonde watsopano? Mnyamata amene lero amanyadira kulira kwa injini adzayamba kunyadira thanga tsiku limene adzaone atsikana akuimbira m'manja mnzake amene wafika poyamba. Makampani amene amathira ndalama pa mpira angathe kuthirako pang'ono kumeneku, ndipo mahotela a kunyanja amene ali ndi timaboti ta matanga tosangalatsira alendo angathe kutsegula zipata Loweruka lililonse kuti ana a m'midzi yoyandikana nayo aphunzire.

Kwa inu amene munabwerera kumudzi mutaona za kunja, ndi inu amene mukadali ku Johannesburg, ku Harare kapena ku Leeds koma mumatumiza ndalama kwanu kunyanja, ndili ndi pempho limodzi. Mlamu wanu akadzakulemberani kuti mumugulire injini ya boti, musakane, koma mufunseni ngati botilo lili ndi poimika mlongoti. Mtengo wa thanga ndi zingwe zake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa injini, ndipo ndi thangalo limene lidzamubweretse kunyumba tsiku limene injiniyo idzakane kulira.

Mkulu uja wa ku Salima, pamene ndinali kutsazika, anatola kachingwe pamchenga n'kumanga mfundo ndi dzanja limodzi, osayang'ana n'komwe, n'kundipatsa kuti ndikoke. Ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse koma sinasunthe. Iwo anangoipinda pang'ono ndi chala, n'kumasuka. Anyamata a bawo aja palibe ndi mmodzi yemwe amene anatembenuka kuti aone. Mkuluyo tsitsi lake linali loyera kale nthawi imeneyo, ndipo anzake a msinkhu wake akutha chaka ndi chaka. Mawu a akulu amakoma akagonera, koma luso la m'manja siligonera, limapita kumanda ndi mwini wake. A ku Mpwepwe ndi a ku Monkey Bay, mwera wa chaka chamawa usanayambe, tumizani galimoto likawatenge akuluakulu amenewa.